Kodi tizilombo ta m'kamwa tingadwalitse mtima?

Lero tikambirane za mtima ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya.

Mtima uli ndi mitsempha yakeyake yaing'ono imene imaudyetsa magazi. Mafuta akamaunjikana m'kati mwa mitsempha imeneyi, njira ya magazi imachepa. Munthu amamva kupanikizika pachifuwa akamalima kapena kukwera chitunda. Njirayo ikatsekeka, mbali ina ya mtima imafa, ndipo munthu angathe kumwalira mwadzidzidzi.

Nanga mabakiteriya akubwera bwanji m'nkhaniyi? Mu 1988, madokotala a ku Finland anaona kuti anthu ambiri odwala mtima anali ndi zizindikiro m'magazi zoti anagwidwapo ndi Chlamydia pneumoniae, kachilombo koyambitsa chifuwa ndi chibayo. Mu 1989, enanso a dziko lomwelo anapeza kuti ambiri mwa odwala mtima anali ndi mano ndi nkhama zowonongeka. Pambuyo pake mabakiteriya a m'kamwa anapezeka m'mafuta otseka mitsemphawo. Akatswiri amaganiza kuti nkhama zikamatuluka magazi, tizilombo timalowa m'magazimo n'kutupitsa makoma a mitsempha.

Koma apa tcherani khutu. Ku America, odwala mtima oposa 4,000 analowa m'kafukufuku: theka linamwa mankhwala opha mabakiteriya a azithromycin mlungu uliwonse kwa chaka chathunthu, theka linalo ayi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2005, ndipo mankhwalawo sanachepetse matenda a mtima. Tizilombo tingathe kuwonjezera vutoli, koma makapusozi ogula pamsika sangatsegule mtsempha wotsekeka. Kuwamwa popanda chilolezo cha achipatala kumangolimbitsa tizilombo kuti tsiku lina mankhwala asadzagwirenso ntchito.

Zimene zimadziwika bwino kuti zimatseka mitsempha ndi izi: kusuta fodya, kuthamanga kwa magazi kumene ambiri timati tensão, matenda a shuga ndi kuchuluka kwa mafuta m'magazi. Kuno fodya timalima tokha, choncho chingambwe sichisowa pakhomo. Utsi wake umawononga nkhama ndi mitsempha yomwe.

Tsono tichite chiyani?

Tsukani mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona, ndi mswachi wa m'sitolo kapena wa mtengo.

Nkhama zikamatuluka magazi kapena mafinya, kapena dzino likamagwedera, pitani kuchipatala.

Kayezetseni tensão ngakhale simukumva kudwala, ndipo chepetsani mchere m'ndiwo.

Siyani kusuta fodya.

Wina akamva kupweteka kolemera pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, akutuluka thukuta ndi kubanika, musadikire kuti kuche. Pezani njinga yamoto kapena galimoto, mum'thamangitsire kuchipatala chapafupi. Achipatala ndi amene angamutumize ku Chipatala Chachikulu cha Tete.

Mukawerenga kapepalaka, awerengereninso agogo ndi anansi anu.