Bedi Ndi Laulere, Nanga Wodwazika Adya Chiyani?

Kuchigayo munthu amalipira kugaya kokha. Mwini chigayo amawerengera mafuta a injini, malipiro a mnyamata wothira chimanga ndi kutha kwa sefa, kenako n'kuika mtengo pa tini. Koma chimangacho n'chako, thumba n'lako, kukonola kuli ndi mtengo wakewake, ndipo kusenza popita ndi pobwera palibe angakubwezere. Ndalama zimene boma kapena inshuwalansi imapereka kuchipatala chifukwa cha wodwala wogonekedwa zimayendanso motero: zimalipira ntchito ya mkati mwa wodi, zina zonse zimatsalira banja.

Mu April 2006 boma la Levy Mwanawasa ku Zambia linachotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi, ndipo linachita bwino. Lamulo la 2018 linadzabweretsa inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, yomwe kuyambira 2019 imadula 1 peresenti pa malipiro a wantchito, bwana wake n'kuwonjezera 1 peresenti ina. NHIMA imalipira chipatala chovomerezeka pa kupima, mankhwala, opaleshoni ndi kugonekedwa. Zina inakana poyera: kukachizidwa kunja kwa dziko, opaleshoni yongokongoletsa thupi, ndi kuvulala pantchito, komwe ndi udindo wa Workers' Compensation Fund Control Board.

Zimene zimapweteka anthu a ku Lupande, m'chigwa cha Luangwa, sizinalembedwe n'komwe pamndandanda umenewo. Mayi wa kwa Malama kapena kwa Nsefu akadwala m'dzinja, mitsinje itadzaza, njira ili matope okhaokha, woyamba kulipidwa ndi wa njinga yamoto. Akafika ku Kamoto, chipatala cha mpingo wa Reformed Church in Zambia, matenda akakula amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Mfuwe, m'dera lomwelo la Lupande. Akachira, yobwerera nayo kumudzi ndi ya m'thumba mwake.

Nanga wodwazika? Kawirikawiri ndi mwana wamkazi kapena mchemwali. Amanyamula poto, ufa, beseni, sopo ndi zitenje. Ndiye amatembenuza wodwala usiku kuti asachite zilonda zapamsana, kumumwetsa phala ndi supuni, kuchapa zoipitsidwa m'bandakucha ena asanadzuke. Makala amagula, ndiwo amagula, mankhwala akasowa pashelefu amathamangira kufamase. Anamwino ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, choncho wodi imadalira manja a mayi ameneyu, koma m'mabuku a ndalama dzina lake mulibe. Ine zimandiwawa kumva akulu akunena kuti chithandizo n'chaulere ngati kuti nkhani yathera pomwepo.

Kumudzi nako kukuwonongeka zinthu. Thonje ladutsa nthawi yopopera, ndipo msasa wa kumunda ulibe wogonamo woti apirikitse njovu chimanga chikamakhwima.

Wodwala sitiroko akatulutsidwa, mtolo umakula. Nyumba zosamalira okalamba n'zochepa m'Zambia, ndipo zodziwika monga ya Maramba ku Livingstone ndi Matero After Care Centre ku Lusaka zili kutali kwambiri ndi chigwa cha Luangwa. Matewera a akulu, matiresi, chikuku ndi ulendo wobwerera kukaonana ndi dokotala zimagwera banja, lomwe nthawi zina limangodalira kandalama ka Social Cash Transfer. Kakaperewera, amagwira mbuzi n'kukagulitsa pamtengo uliwonse umene wogula anene.