Chifukwa chake ng'oma amaiwamba pamoto

Gule asanatuluke pabwalo, oimba ng'oma amayamba asonkha kamoto ka udzu. Amayandikiza mbalule kumoto, kuisisita ndi chikhatho, kuigogoda pang'ono, kutchera khutu, n'kuibwezeranso. Ine ndimati fizikisi ya mawu imaoneka bwino pamenepa kuposa pa bolodi la m'kalasi.

Mawu aliwonse amachokera ku chinthu chonjenjemera. Dzanja likamenya chikumba, chikumbacho chimalowa ndi kutuluka mofulumira moti diso silingaone. Chikatuluka chimapanikiza mpweya wa patsogolo pake, chikalowa mpweyawo umamasuka. Kupanikizika ndi kumasukaku kumapatsirana mpaka kukagwedeza kachikopa kopyapyala ka m'khutu mwanu. Musaganize kuti mpweya wa pang'oma umayenda kudzafika kwa inu ayi. Umangokankha mnzake n'kubwerera pamalo pake, monga chimanga chimaweramira mphepo ikamadutsa m'munda koma osazuka. Kumwezi kulibe mpweya, choncho ng'oma yoimbidwa kumeneko singamveke.

Kukwera kapena kutsika kwa mawu kumadalira kuti chikumba chanjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Muyeso wake ndi hertz, dzina lochokera kwa Heinrich Hertz wa ku Germany, amene anamwalira mu 1894. Khutu la mwana limamva kuyambira pa 20 mpaka pa 20,000 hertz, koma munthu akamakula mawu okwera kwambiri amayamba kumudutsa.

Ntchito ya moto uja ili apa. Chikumba chimayamwa chinyezi n'kulefuka. Moto ukachiumitsa chimakungika, chimanjenjemera mofulumira, ndipo mawu amakwera. Phula lomwe amamata pakati pa ng'oma zina limachita zosiyana: limalemeretsa chikumba, chimayenda mochedwa, ndiye mawu amatsika n'kukhala a besi. Nanga kumenya mwamphamvu? Kumeneko kumakulitsa kugwedezeka kwa chikumba, ng'oma imamveka mokweza, koma liwu lake limakhala lomwelo. N'chifukwa chake katswiri akaona kuti ng'oma yazizira gule ali m'kati, salimbikira ndi nyonga, amaitumiza kumoto.

Aliyense wokulira kumudzi amadziwanso kuti ng'oma imamveka kutali usiku. Bata limathandiza, koma si lokhalo. Mumpweya wa madigiri 20, mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo mpweya ukafunda amathamanga koposa. Masana nthaka imatentha, mawu a m'munsi amapitirira a m'mwamba, motero onse amakhotera kumitambo. Usiku, makamaka m'miyezi ya June ndi July, mpweya wa pansi ndi umene umazizira, ndiye mawu amakhotera kunthaka n'kukafika midzi ya kutsidya.

Paulendowo mpweya umameza msanga mawu okwera. Ndiye mukamva kugunda kwa besi kokha, popanda nyimbo ndi nthungululu za amayi, dziwani kuti bwalolo lili kutali, nyamukani msanga.