Tizilombo Tosamva Mankhwala: Kodi Tiyi Angathandize?

Mwana wotentha thupi akamafika pa chipatala cha Mdeka, nthaŵi zina amakhala atamwa kale makapisozi aŵiri kapena atatu ogula pa msika. Atapezako pang'ono, mankhwala analekedwa, ndipo matenda anabwereranso. Mchitidwe umenewu ndiwo umalimbitsa tizilombo ta bakiteriya kuti tisamve mankhwala.

Tizilomboti timaswana pogaŵikana pakati, ndipo tina timatero m'mphindi 20 zokha. Pogaŵikanapo, malangizo a chibadwa chake amakopedwa, koma nthaŵi zina amakopedwa molakwika. Mwa tizilombo tochuluka, kamodzi kamabadwa kosinthika mwakuti mankhwala sakapha. Mankhwala akamwedwa mopereŵera amapha tofooka tokha, kosinthika kaja nkutsala ndi malo onse oswanirana. Mankhwala ena, monga ciprofloxacin, akachepa mphamvu amangovulaza tizilombo, ndipo podzikonza mwachangu timalakwitsa kwambiri. Komanso tizilombo timatha kupatsirana chibadwa chosamva mankhwalacho.

Boma la Blantyre linaziona kale zoterezi. Ku chipatala cha Gulupu, kumene odwala kwambiri a ku Mdeka, Lirangwe ndi Chileka amatumizidwa, pakati pa 1998 ndi 2010 tizilombo ta taifodi tinkapezeka m'magazi a anthu pafupifupi 14 pa chaka. Mu 2011 munabuka mtundu wosamva ampicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole, ndipo mu 2014 odwala anafika 782.

Nchifukwa chake akatswiri akufunafuna zinthu zoletsa kusinthika kwa tizilombo. Ofufuza a ku yunivesite ya Kansas ku America anapeza kuti zinthu zina za m'masamba a tiyi wobiriŵira zimachepetsa kubadwa kwa tizilombo tosamva mankhwala. Tiyi wobiriŵira amachokera ku chitsamba chomwecho cholimidwa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Koma zimenezi zinaoneka m'mbale za m'chipinda chofufuzira, osati m'thupi la wodwala. Kapu ya tiyi siingaloŵe m'malo mwa mankhwala.

Chida chimene chilipo lero chili m'manja mwa makolo. Mankhwala opha tizilombo amwedwe pokhapokha atalembedwa ku chipatala, pa nthaŵi yake, kwa masiku onse amene adokotala anena, osagaŵirako wina. Madzi akumwa aŵiritsidwe kapena athiridwe kolorini. Kuyambira mu 2023, ana a m'Malaŵi amalandira katemera wa taifodi akakwana miyezi 9. Mwana amene sanadwale safuna makapisozi, ndipo tizilombo sitipeza mpata wosinthira.