KULERA KAGALU: M'MERA MPOYAMBA

Pa Lifuwu, m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, galu ndiye mlonda wa pakhomo. Amateteza nkhuku, amalondera mpunga wokolola, ndipo amauwa usiku pamene usipa uli pa thandala. Tsono banja likalonjezedwa kagalu, ana amayamba kufunsana: kodi kadzakhala kofiira, kakuda kapena kamawanga? Nanga kadzakhala kaukali?

Za ubweya yankho lake silivuta. Agalu ambiri a m'midzi mwathu ali ndi ubweya waufupi, woyenerana ndi kutentha kwa kunyanja. Maonekedwe amachokera kwa makolo ake, ndipo galu mmodzi akhoza kuswa tiana tosiyanasiyana. Chimene tiyenera kuyang'anitsitsa ndi thanzi. Ubweya wa kagalu kathanzi ndi wosalala. Ukamathothoka, funafunani utitiri, nkhupakupa kapena mphere. Mimba yotupa kawirikawiri imasonyeza njoka za m'mimba, zimene mazira ake angalowe mwa ana athu posewera pa dothi. Ntchentche ya mphutsi nayo imaikira mazira pa mchenga wamthunzi pamene pali mkodzo, choncho pogona kagalu pazisesedwa tsiku ndi tsiku.

Khalidwe la galu limadalira kwambiri m'mene tamulerera. Kagalu kamatsegula maso pakapita masiku 10 mpaka 14. Kuyambira sabata 3 kufikira sabata 12 kamaphunzira kuzolowera anthu ndi ziweto. Musakachotse kwa make sabata 8 zisanakwane, chifukwa posewera ndi abale ake m'pamene kamaphunzira kusaluma mwamphamvu. Kakafika pakhomo, kazolowetseni kugwidwa mofatsa, kuona mbuzi ndi nkhuku, ndi kuyenda ndi chingwe pakhosi. Ena amamenya kagalu kapena kukatsekera tsiku lonse kuti kakule kaukali. Galu wotere amakula ndi mantha, amaluma ana a pakhomo pomwepo, ndipo pa tsiku la katemera sagwirika.

Apa ndiye pagona nkhani. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Ambiri mwa iwo ndi ana. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro, monga kuopa madzi, palibe mankhwala omuchiritsa. Koma chiwewe chimapeweka: Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pomubaya katemera m'chaka cha 1885. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera chaka ndi chaka, matendawa amaleka kufala. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito yotere mu mzinda wa Blantyre.

Chotero, kagalu kakakwanitsa miyezi 3, katengereni kwa alangizi a ziweto kakalandire katemera, ndipo sungani chiphaso chake. Pa nthawi ya katemera wa m'mudzi, ngakhale tiana tocheperapo titengedwe. Phunzitsani ana kusasokoneza galu amene akudya, akugona kapena akuyamwitsa.

Wina akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi kagalu kakang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musathirepo mankhwala achikuda kapena kumanga. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akayamba katemera amalize jakisoni zonse monga auzidwira.