MWANA WOBADWA NDI DOWN SYNDROME: KODI WALAKWA NDANI?

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mwana akabadwa ndi thupi lofooka, maso opendekera m'mwamba ndi lilime lokonda kutuluka, kenaka nkumachedwa kukhala pansi ndi kuyankhula, akuluakulu amayamba kufufuza chifukwa. Ena amati mai ake adasempha mwambo ali ndi pakati. Ena amati bambo adamkhwimira mwanayo kuti fodya wao azigulidwa bwino. Maukwati ena amatha chifukwa cha mau otere, ndipo mwana amabisidwa m'nyumba osapita naye kusikelo.

Achipatala amautcha mkhalidwe umenewu Down syndrome, potsata dzina la Dr John Langdon Down wa ku England amene adaulongosola m'chaka cha 1866. Mwa ana 1,000 alionse obadwa pa dziko lapansi, pafupifupi mmodzi amabadwa nao, ndipo gwero lake likudziŵika.

Zingwe 46

Thupi la munthu ndi lomangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli tinthu tonga zingwe za mikanda, totchedwa makromozomu. Mkanda ulionse pa chingwecho uli ndi malangizo ake a m'mene thupi liyenera kukulira. Zingwezi zilipo 46, ndipo zimakhala ziŵiriziŵiri: 23 zochokera kwa mai, 23 zochokera kwa bambo.

M'chaka cha 1959 madokotala a ku Paris, Marthe Gautier, Jérôme Lejeune ndi Raymond Turpin, adapeza kuti ana ameneŵa ali ndi zingwe 47. Chingwe cha nambala 21, chimene ndi chachifupi koposa zonse, chimakhalapo katatu m'malo mwa kaŵiri. Mwa ana 100 otere, pafupifupi 95 ndi a mtundu umenewu. Zimachitika mwangozi pamene dzira la mai kapena mbeu ya bambo ikupangika, mimba isanaime nkomwe. Choncho chakudya, mkangano kapena ulendo wa mai wapakati sizingachititse zimenezi. Zimachitika kaŵirikaŵiri mai akamakula: pa zaka 20 ndi mwana mmodzi mwa pafupifupi 1,500, pa zaka 40 ndi mmodzi mwa 100.

Anthu oŵerengeka amene atiphunzitsa zambiri

Otsalawo ndi osiyana. Mwa ana atatu kapena anai pa 100, chingwe choonjezeracho chimamatirira ku chingwe china, makamaka cha nambala 14. Mwa mmodzi kapena aŵiri, maselo ena amakhala ndi zingwe 47 pamene ena ali ndi 46. Ndipo alipo ena, osoŵa kwambiri, amene ali ndi kachidutswa chabe koonjezera ka chingwe cha 21.

Otsirizaŵa ndiwo athandiza kuyankha funso lalikulu: kodi ndi mikanda iti imene imabweretsa chizindikiro chakutichakuti? Ngati munthu ali ndi kachidutswa kena koonjezera ndipo ali ndi vuto la mtima, pamene mnzake wopanda kachidutswako mtima wake uli bwino, ndiye kuti gwero la vutolo liyenera kufunidwa pa kachidutswa komweko.

M'chaka cha 1989 akatswiri a ku Paris adaganiza kuti apeza chigawo chimodzi chochepa chimene chimachititsa zizindikiro zambiri. Koma mu 2009 gulu la Dr Julie Korenberg, litayeza anthu 30 a zidutswa zosiyanasiyana, lidaonetsa kuti palibe chigawo chimodzi chosenza zonse. Vuto la mtima lili ndi malo ake, vuto la matumbo lilinso ndi ake.

Umboni wina udachokera ku England mu 1998. Anthu ambiri a Down syndrome akapitirira zaka 50 amayamba kuiŵalaiŵala chifukwa cha nthenda ya Alzheimer. Koma mai wina amene kachidutswa kake koonjezera kadalibe mkanda wotchedwa APP adafika zaka 78 wopanda nthendayo. Apa zidaoneka kuti mkanda umenewu ndiwo umatsogolera matendawo.

Zimene makolo ayenera kuchita

Choyamba, lekani kulozana zala. Mwanayo sadalodzedwe, ndipo nthendayi si yopatsirana.

Chachiŵiri, pitani naye kuchipatala msanga. Pafupifupi theka la ana ameneŵa amabadwa ndi vuto la mtima. Mukaona kuti akutopa poyamwa, akutuluka thukuta, akupuma mofulumira kapena sakukwera sikelo, musadikire. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena pitani ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, kumene angakutumizeni ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Pemphaninso kuti amuyeze maso ndi makutu, pakuti mwana wosamva bwino amachedwanso kuyankhula. Alandire katemera yense, chifukwa chibayo chimaŵagwira msanga ana otere, makamaka nyengo yozizira ya kumapiri kuno.

Chachitatu, ngati m'banja mwabadwa ana otere oposa mmodzi, kapena mimba zakhala zikupita padera, fotokozani kwa dokotala. Mtundu wa zingwe zomatirirana uja nthaŵi zina umachokera kwa kholo lathanzi lomwe silidziŵa kanthu, kaya ndi bambo kaya ndi mai.

Palibe mankhwala ochotsa chingwe choonjezeracho, ndipo wokulonjezani zimenezo angokudyerani mbuzi. Koma mwana woyamwitsidwa bwino, woyankhulitsidwa tsiku ndi tsiku ndi woseŵera ndi anzake amaphunzira kuyenda, kudzisamala ndi kugwira ntchito. M'maiko amene ana otere amathandizidwa msanga, ambiri amafika zaka 60. Akakwana msinkhu, mlembetseni sukulu monga anzake onse. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho mafumu ndi anansi nawonso athandize kuti asabisidwe m'nyumba.