MFUTI YA M'MANJA: YA PAKHOMO NDI YA CANDAMALE N'ZOSIYANA

Kumidzi kuno mfuti imene anthu aidziwa bwino ndi gogodela, ija ya alenje yothira wonga kukamwa, ndiponso shotigani imene alimi ena apitikitsira nguluwe ndi anyani m'minda. Koma m'matauni akuluakulu, makamaka ku South Africa kumene abale ambiri a kuno ali pa nchito, anthu afuna kwambiri mfuti yaing'ono ya m'manja. Ena aifuna cifukwa ca kuopa mbala zothyola nyumba usiku, ena aifunira masewera owombera candamale. Ambiri aganiza kuti mfuti iliyonse ingathe nchito ziwirizi, koma si tero ai.

Mfuti za m'manja zili za mitundu iwiri. Woyamba ndi revolver, imene Samuel Colt wa ku America analembetsa ku boma m'caka ca 1836. Ili ndi kamgolo kozungulira kolowa zipolopolo zisanu kapena zisanu ndi cimodzi. Ubwino wace ndi wakuti ilibe zovuta zambiri. Cipolopolo cimodzi cikakana kuphulika, munthu angokokanso ndi cala, kamgolo kazungulira ndi kubweretsa cina.

Mtundu waciwiri ndi pisitolo, imene zipolopolo zace zikhala m'kabokosi kolowa m'cigwiriro. Pisitolo ya Glock 17, imene inayamba kupangidwa ku Austria kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, itenga zipolopolo 17. Koma pisitolo ili ndi msampha umene waphetsa anthu ambiri. Munthu akacotsa kabokosi kaja aganiza kuti mfuti ilibe kanthu, pamene cipolopolo cimodzi catsalira m'kati mwa mpope. Ana ndi akulu omwe afa motero poseweretsa mfuti imene onse anaiyesa yopanda kanthu.

Kukula kwa cipolopolo nakonso ndi nkhani. Wophunzira ndi wa masewera ayamba ndi cipolopolo cacing'ono ca .22, cifukwa n'cotsika mtengo ndipo mfuti siikankha dzanja kwambiri pophulika. Munthu atha kuwombera kambirimbiri osatopa, mpaka dzanja ndi diso zizolowerane. Pa masewera a Olympic, akatswiri a pisitolo awombera candamale pa mtunda wa mamita 25 ndi cipolopolo comweci, ndipo pa mamita 10 agwiritsa nchito mfuti ya mpweya. Oteteza nyumba asankha zipolopolo zamphamvu monga 9mm kapena .38, zimene zikankha dzanja ndi kugonthetsa m'khutu zikaphulikira m'cipinda.

Ogula ambiri akopeka ndi kamfuti kopepuka kolowa m'thumba. Apa ndi paja akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mfuti ikapepuka ikankha dzanja koposa yolemera, ndipo mpope ukafupika kulunjika kuvuta. Yoyenera ndi imene ikhala bwino m'cikhatho ca mwini wace, cala cace n'kufika pokokera popanda kupotoza dzanja. Izi munthu azidziwa poyesa mfuti zingapo pa bwalo lowomberapo pamodzi ndi mphunzitsi.

Boma la South Africa linaona kusiyana kwa nchito ziwirizi m'lamulo lace la mfuti la caka ca 2000, limene linayamba kugwira nchito mu 2004. Laisensi ya kudziteteza ndi ya mfuti imodzi yokha ndipo itha pa zaka zisanu, pamene ya masewera itha pa zaka khumi. Wopempha ayenera kukhala wa zaka 21, kuphunzira kagwiridwe ka mfuti ndi malamulo ace, kulandira kalata ya apolisi yomuvomereza, ndiponso kukhala ndi bokosi lacitsulo lokhoma losungiramo mfutiyo.

Bokosi limeneli ndi lofunika monga mfuti yomwe, pakuti mbala ibwera kamodzi kapena osabwera konse, koma mfuti igona m'nyumba masiku onse pamodzi ndi ana, ndewu za m'banja, mowa ndi mavuto a mumtima. M'caka ca 1993 dokotala Arthur Kellermann ndi anzace anafalitsa zimene anapeza m'zigawo zitatu za ku America. Anaona kuti ngozi yakuti munthu aphedwe m'nyumba yokhala ndi mfuti inali pafupifupi katatu kuposa m'nyumba yopanda mfuti, ndipo kawirikawiri wakupha anali wacibale kapena bwenzi.

Mantha a usiku nawonso asoceretsa. Pa 14 February 2013 mu mzinda wa Pretoria, katswiri wothamanga Oscar Pistorius anawombera kanai pa citseko cotseka ca cimbudzi ca m'nyumba mwace, napha bwenzi lace Reeva Steenkamp. M'khoti iye anati anayesa kuti munalowa mbala. Mu December 2015 khoti la apilo linampeza ndi mlandu wakupha munthu. Aphunzitsi a mfuti abwereza lamulo limodzi kwa wophunzira aliyense: asawombere cinthu cimene sanacione bwino, ndipo adziwe cimene cili kuseri kwace, cifukwa cipolopolo cibowola citseko.

Muno m'Zambia namonso mfuti siigulidwa ngati khasu. Lamulo la mfuti lifuna kuti mwini akhale ndi laisensi, ndipo wopezeka ndi mfuti kapena zipolopolo popanda cilolezo aimbidwa mlandu waukulu. Aliyense amene wina amuonetsa pisitolo yogulitsa mwakabisira ayenera kukana ndi kukadziwitsa apolisi. Wofunitsitsa mfuti ayambe wafunsa ku polisi ya pa boma, aphunzire, akonze pobisira pokhoma, ndipo akambirane ndi a m'banja mwace. Ngati cimodzi ca izi casowa, citseko colimba, loko wabwino, galu ndi anansi omvana zidzasunga nyumba yace bwino koposa.