Parachuti ikatseguka mwadzidzidzi, chimavulaza n'chiyani?

Sabata yatha kuno ku Bangula, mnyamata wina wa Fomu 3, amene amalota zodzalowa usilikali ku Parachute Battalion ku Salima, anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, akuti parachuti imatha kuvulaza munthu potseguka akangoisinthira zingwe. Zingwe zatsopano zivulaze bwanji?"

Tiyeni tiwerengetse. Munthu wa makilogalamu 80 amagwa pa liwiro la mamita pafupifupi 55 pa sekondi, ndipo parachuti imamufikitsa pa mamita 5. Momentum yoti ichoke ndi 80 × 50 = 4,000. Zikatenga masekondi 4, mphamvu yake ndi ma newton 1,000. Zikachitika m'sekondi imodzi, ndi 4,000, ngati matumba 8 a chimanga a makilogalamu 50 akukoka malamba a m'ntchafu. N'chimodzimodzi kudumpha pa ngolo: kugwera pa belo la thonje si kugwera pa tala.

Ndiye wokonza amafufuza chomwe chadya nthawiyo. Amayamba ndi slider, kansalu ka mabowo anayi kamene kamatsetsereka pa zingwe n'kuchedwetsa kutseguka. Pa zingwe zoonda ndi zoterera kamatsika msanga, ndipo wopinda akapanda kukakankhira pamwamba penipeni, basi, kalibe ntchito. Kenako mtundu wa chingwe: Dacron imatamuka pang'ono, pomwe Spectra ndi Vectran n'zouma, kugwedeza konse kumafikira m'khosi. Amayezanso utali wa zingwe, makamaka za mabuleki, poyerekeza ndi tchati cha kampani yopanga.

Chomwe ambiri amaiwala ndi timphira togwira zingwe. Zingwe zoonda zimapulumukamo msanga, nsalu n'kutuluka m'thumba zingwe zisanawongoke.